Chaka chino tiwatengere ana kukaona njovu ku Kasungu



Makolo olemekezeka, akuluakulu a komiti ya mzikiti, aphunzitsi anzanga ndi inu ana athu,

Teremu yathayi ndinkaphunzitsa tafsir ya Surat Al-Fil kwa ana omwe tsopano alowa Fomu 3. Surayi palibe amene saidziwa. Ambiri a inu munailoweza ku madrasa musanayambe n'komwe Sitandade 1, ndipo, tisabisane, ndi imodzi mwa masura omwe timathamangira pa swala tikakhala pa changu. Nkhani yake ndi ya Abraha, wolamulira wa ku Yemen, yemwe ananyamuka ndi asilikali ake pamodzi ndi njovu kuti akagumule Ka'ba, m'chaka chomwe anabadwa Mtumiki wathu Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam), cha m'ma 570. Ndinkayesetsa kufotokoza mantha omwe anagwira anthu a ku Makka atamva kuti chinyama chachikulu chotero chili m'njira, koma ana ankangondiyang'ana ngati ndikuwawerengera mitengo ya feteleza. Ndiye ndinafunsa kuti ndani mwa iwo anaionapo njovu ndi maso ake. Manja awiri okha ndiwo anakwera. Woyamba anati anaiona ku Mfuwe ali wamng'ono, ndipo sakumbukira bwino. Wachiwiri, nditamupanikiza, anavomera kuti anaionera pa foni ya achimwene ake.

Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa K50, ndalama yomwe masiku ano sigula n'chitumbuwa chomwe. Kutsogolo kwake kuli nkhope ya Inkosi ya Makhosi Gomani II. Nditaitembenuza ndinawauza kuti ayang'ane bwino. Kuseri kuli njovu za m'nkhalango ya Kasungu, boma lomwe tagundana nalo malire. Ana akhala akuzigwira njovu zimenezi m'manja tsiku ndi tsiku pogula mtedza pa geti, osaganizapo kuti zili moyo, zikudya ndi kumwa madzi pa mtunda woti basi itanyamuka pano pambuyo pa swala ya Fajr ikhoza kukafika nthawi ya Zuhr isanakwane.

Chaka chilichonse a Fomu 3 timawatengera ku Senga Bay. Pempho langa kwa komiti ndi kwa makolo n'lakuti chaka chino ndalama zomwezo tipitire nazo ku nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu, mwezi wa Okutobala, tikagoneko usiku umodzi. Nyanja sindikudana nayo. Nayonso ndi chizindikiro cha Allah (Subhanahu wa Ta'ala), ndipo mwana wa kuno, yemwe madzi aakulu omwe amawadziwa ndi Bua ndi Rusa, ayenera kudzaiona. Koma ndaperekeza maulendo amenewa kangapo ndipo ndikudziwa mmene amathera. Theka la tsiku limathera m'basi. Tikafika ana amasamba, kujambulana, kudya tchipisi, ife aphunzitsi tili pa mchenga kuwerenga mitu ngati abusa a mbuzi. Lolemba lake ndikafunsa chomwe aphunzira, yankho limakhala lakuti madzi anali ozizira. Lachisanu lake komiti imatiitana kuti tifotokoze za kavalidwe ka pa gombe. Zakhala choncho chaka ndi chaka.

Ena adzafunsa kuti kodi mphunzitsi wa maphunziro a Chisilamu nkhani ya nyama zakutchire waitola kuti, si ya anzathu a Biology kodi? Ndinaitola mu Qur'an. Mu Surat Al-Ghashiya, ayah 17, Allah akudzudzula anthu chifukwa chosayang'ana ngamila ndi kulingalira za kalengedwe kake. Taganizani, Aluya ankaiona ngamila tsiku lililonse. Ankaikwera, ankaikama, ankaisenzetsa katundu. Komabe akuwerengedwa kuti sanaiyang'ane. Ndiye kuti pali kuona kwa munthu wongodutsa, komanso pali kuyang'ana kwa munthu amene waima, wakhala chete, n'kumadzifunsa mafunso. Kwachiwiriku ndi komwe ma ulama amakutcha tafakkur, ndipo ndi ibada. Mu Surat Al-An'am, ayah 38, tikuphunzitsidwa kuti nyama zoyenda pansi ndi mbalame zouluka nazo ndi mitundu yokhala m'magulu monga ife. Ayah imeneyi ndaiwerenga kuyambira ubwana wanga, koma inandilowa mumtima tsiku lomwe ndinakhala ola lathunthu ndikuyang'ana gulu la anyani. Wamkulu anali atakhala pamwamba pa chulu kulondera. Akazi ankapesana ubweya. Tiana tinkachitana chipongwe mpaka kena kanalira, mayi wake n'kubwera mwaukali kudzakanyamula. Zonse zomwe zimachitika pa bwalo la mudzi uliwonse madzulo ndinaziona pamenepo.

Masura 6 a Qur'an ali ndi mayina a zamoyo zimenezi: ng'ombe, ziweto, njuchi, nyerere, kangaude ndi njovu. Ophunzira athu akale sanaione nkhaniyi ngati ya ana. Al-Jahiz wa ku Basra, yemwe anamwalira cha m'ma 868, analemba buku lalikulu la nyama lotchedwa Kitab al-Hayawan. Ad-Damiri wa ku Cairo, katswiri wa fiqh ya Imam Shafi'i yomwe ambiri a ife timatsata, yemwe anamwalira mu 1405, anasanja nyama motsata zilembo za mayina awo m'buku lake la Hayat al-Hayawan. Ife lero, ndipo ndikudziloza ndekha chala, nyama timaziphunzitsa m'mitu itatu yokha: yomwe ili halali, yomwe ili najisi, ndi kazingidwe kake. Mituyi ndi yofunika, sindikuichepetsa. Koma mwana akatuluka m'manja mwathu, akaona nyama funso lake limakhala limodzi: imadyedwa kapena ayi?

Ndikudziwa zimenezi chifukwa ndinapitapo ndi ana ku Kasungu, ndikuphunzitsa pa sukulu ina zaka zapitazo, ndipo tsiku loyamba la ulendowo ndinachita nalo manyazi. Tinanyamuka mochedwa n'kukafika pa geti dzuwa lili pamutu. Anyamata anali ndi wailesi yomwe sanaizimitse chichokereni pa sukulu. Atsikana ankaimba. Tinayenda mtunda wautali m'nkhalangomo osaona kanthu koma mitengo ndi fumbi, chifukwa nthawi imeneyo nyama iliyonse yanzeru imakhala itagona pa mthunzi, ndipo yomwe inali pafupi ndi msewu inatimva tikadali kutali. Tinakumana ndi anyani, ana n'kuyamba kuwaponyera mabanzi pa windo. Msilikali wa a gemu yemwe anatiperekeza anaimitsa basi n'kutifotokozera modekha kuti nyani wozolowera chakudya cha anthu amayamba kulanda, kenako kuluma, ndipo mapeto ake amaomberedwa. Anati amene wamupha nyaniyo ndi amene anamuponyera banzi loyamba. Ndinalibe choyankha.

Chakumadzulo tinaona njiri ndi ana ake. Basi yonse inakuwa kuti "Haramu! Nkhumba!" ndipo mnyamata wina analavula pa windo. Apa ndiye ndinaimirira. Ndinawauza kuti chomwe Allah analetsa ndi kudya nyama ya nkhumba. Sanatilamule kudana nacho cholengedwa chake, ndipo sanatiletse kuchiyang'ana. Njiri sinadzilenge yokha. Atakhala chete anayamba kuona zomwe zinali pamaso pawo: kuti njiri ikamadya imagwada ndi miyendo yakutsogolo, ndipo ikamathawa imaimika mchira ngati ndodo, ana ake ali pambuyo m'ndandanda. Msilikali uja anaonjezera kuti njiri yaikulu imalowa kuuna chobwerera m'mbuyo, kuti mano ake ayang'ane pakhomo pomwe mdani angadzere. Mnyamata wolavula uja ndi amene anafunsa mafunso ambiri kuposa onse.

Usiku umenewo ana ambiri anagona akudandaula kuti ndalama zawo zapita pachabe, njovu sanaione. Chomwe chinatipulumutsa ndi swala. Tinadzuka kukadali mdima kuti tiswali Fajr, ndipo popeza panalibenso chochita mpaka tiyi atapsa, msilikali uja anatitengera pamalo pokwera poyang'anana ndi damu la Lifupa, n'kutiuza kuti aliyense akhale pansi atseke pakamwa. Kunja kukuyera tinaona mvuu zikutsika kuchokera kumtunda komwe zinkadya udzu usiku wonse, n'kumalowa m'madzi imodzi imodzi. Ana ambiri ankaganiza kuti mvuu imadya nsomba. Panadutsa nthawi ndithu, ena atayamba kuyasamula, pamene mtsikana wina anandikodola. Kutsidya, m'mphepete mwa mitengo, munali mutaima njovu. Palibe anaimva ikubwera. Chinyama cholemera kuposa ng'ombe khumi chinatuluka m'tchire popanda phokoso lililonse. Inaima, n'kukweza chitamba m'mwamba kununkhiza mphepo, ndipo itakhutira zinzake zinatuluka pambuyo pake, kamwana kali pakati pa miyendo ya zikuluzikulu. Msilikali ananong'ona kuti yotsogolayo ndi yaikazi yokalamba, kuti gulu la njovu limatsogoleredwa ndi agogo aakazi omwe amakumbukira komwe kuli madzi chaka cha chilala, ndipo zamphongo zikakula zimachoka m'gulumo. Mtsikana uja anafunsa chifukwa chake kamwanako kakuyamwa ndi pakamwa, chitamba katachiponya kumbuyo, komanso chifukwa chake mabere a njovu ali pakati pa miyendo yakutsogolo osati kumbuyo ngati a ng'ombe. Palibe anamuuza zimenezi, anaziona yekha. Atamva kuti njovu imakhala ndi bere miyezi 22, amayi omwe anatiperekeza anagwira pakamwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ana aja anadekha kwa ola limodzi lokha pa ulendo wonsewo. Ola limenelo ndi lomwe amandikumbutsa ndikakumana nawo lero pa msika, ena atabereka ana awo kumbuyo.

Tsopano ndifike pa chotsutsa chomwe ndimachilemekeza kwambiri. Kholo lina, lomwe lili ndi abale kwa Chulu ku Kasungu, linandiuza maso ndi maso kuti: "Ustadh, inu mukufuna ana athu akasirire chinthu chomwe chikugonetsa abale athu ndi njala." Sanali kunama. Nkhalango ya Kasungu, yomwe inakhazikitsidwa kukhala paki mu 1970 ndipo ndi yachiwiri kukula kwa Nyika, inali ndi njovu zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970. Opha nyama mozemba anazitha mpaka zinatsala pafupifupi 50 pofika 2015. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku Kasungu, pa ntchito yomwe nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire inagwira pamodzi ndi mabungwe a African Parks ndi IFAW. Pomwe njovuzi zinkafika, mpanda wamagetsi unali usanazungulire malire onse. Kuchokera nthawi imeneyo minda yaonongedwa, nkhokwe zagumulidwa, ndipo anthu afa, kuno ku Malawi komanso kutsidya ku Zambia, m'madera a Lumezi ndi Chipangali. Njovu yaikulu imadya chakudya choposa makilogalamu 100 pa tsiku. Gulu likalowa m'munda wa chimanga usiku umodzi, thukuta la chaka chonse latha.

Sindidzaimirira pamaso pa mayi wamasiye yemwe mwamuna wake anapondedwa ndi njovu n'kumamuuza za kukongola kwa zolengedwa. M'Chisilamu moyo wa munthu ndi chuma chake zili m'gulu la zinthu zisanu zomwe Shariah inabwera kudzateteza, ndipo kudziteteza ku nyama yoononga n'kololedwa. Koma kusapita kwa ana athu ku Kasungu sikudzabweza njovu ngakhale imodzi m'munda wa munthu. Chomwe chingathandize abale athu a kwa Chulu ndi anthu odziwa khalidwe la nyamazi, odziwanso ululu wa mlimi, omwe angakhale pa mipando yomwe zinthu zimenezi zimagamulidwa. Ku Kenya akatswiri anapeza kuti njovu zimaopa njuchi, ndipo alimi ena amazunguliza minda yawo ndi ming'oma yolumikizidwa ndi waya, n'kumapezanso uchi. Ena amagwiritsa ntchito tsabola. Njira zimenezi zinapezeka ndi anthu omwe anakhala pansi n'kuyang'ana njovu kwa nthawi yaitali. Ku Dedza kuli sukulu ya ukachenjede ya za nkhalango ndi nyama zakutchire, ku Bunda amaphunzitsa madokotala a nyama, ku yunivesite ya Mzuzu kuli maphunziro a za nkhalango ndi zokopa alendo. Ndikafunsa ana athu zomwe akufuna kudzakhala, ndimamva unamwino, uphunzitsi, ndi kupita ku Joni. Ntchito yomwe mwana sanaionepo sangailote.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti pa ulendowu tisakangolowa m'nkhalango n'kutuluka. Tikapemphe kwa mfumu ya mudzi umodzi wa m'malire kuti ana akakhale pansi ndi alimi, akamve okha mmene anthu amagonera m'minda ndi zitini ndi miuni. Kenako akafunse a gemu mafunso ovutawo: mpanda wafika pati, mlimi woonongeredwa amathandizidwa bwanji, foni ikaimbidwa usiku amafika nthawi yanji. Mwana wa Fomu 3 si wamng'ono kumva mbali ziwiri.

Pali nkhani inanso yomwe ife Asilamu sitikonda kuikamba. Chisilamu chinalowa m'dziko muno m'njira zomwezo zomwe minyanga ya njovu inkatulukira. Jumbe Salim bin Abdallah atakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, malonda ake aakulu anali minyanga ndi akapolo, ndipo minyanga ina inkachokera m'dziko la Mwase ku Kasungu komweku. Mafumu a Chiyao a kumwera kwa nyanja nawo ankatumiza maulendo a minyanga ku Kilwa. Tikuthokoza Allah chifukwa cha kuwala kwa dini komwe kunatifika, koma sitinganene kuti kutha kwa njovu m'dziko lino ndi mlandu wa azungu okha, kapena kuti kuzisamala ndi nkhani ya azungu. Dini yathu inali ndi malo otetezedwa kalekale. Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) anapatula dera la An-Naqi' pafupi ndi Madina kukhala hima, malo omwe munthu sangagwiritse ntchito mwachisawawa, ndipo Umar (Radhiya Allahu anhu) anachita chimodzimodzi ku Ar-Rabadha. M'malire a Haram ya Makka n'koletsedwa kusaka nyama, ngakhale kungoidzidzimutsa kumene. Mahaji athu amene anapitako adzakuuzani mmene nkhunda zimayendera pakati pa anthu mopanda mantha.

Malonda a minyanga aja sanathe, anangosintha njira, ndipo imodzi mwa njirazo ndi boma lathu lino. Tonse tamvapo pa wailesi za anthu ogwidwa kuno ku Mchinji ndi minyanga kapena ngaka yamoyo ili m'thumba. Tonse tikudziwa kuti kupatula chipata cha Mwami pali tinjira tambirimbiri todutsa m'minda, ndipo amene amayendetsa njinga zamoto m'tinjirato ndi anyamata a misinkhu ya ana athuwa. Mnyamata amauzidwa kuti angonyamula kathumba akakasiye kutsidya, ndipo ndalama yomwe amalonjezedwa imaposa ya mwezi wathunthu wa kabaza. Lamulo la nyama zakutchire litakonzedwanso mu 2017, chilango cha milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri, monga njovu, chipembere ndi ngaka, chikhoza kufika zaka 30 m'ndende. Makolo, zimenezi zikukhudza nyumba zathu. Ku Indonesia, dziko lomwe lili ndi Asilamu ambiri kuposa ena onse, bungwe la ma ulama linatulutsa fatwa mu 2014 yonena kuti kupha ndi kugulitsa mozemba nyama zomwe zili pangozi yotha ndi haramu. Ine ndikhoza kuwauza ana zimenezi m'kalasi, ndipo ndimawauza. Koma ndikukhulupirira kuti mnyamata amene anakhalapo chete m'mawa wina n'kuona njovu ikuyamwitsa mwana wake adzaganiza kawiri asananyamule kathumbako.

Za ndalama ndinene mwachidule. Mtunda wa ku Lifupa sutalika kuposa wa ku Senga Bay, choncho mafuta a basi sasiyana kwenikweni. Amalawi timalipira ndalama yochepa pa geti poyerekeza ndi alendo akunja. Choonjezera ndi malo ogona ndi chakudya cha tsiku lachiwiri. Ufa, mpunga ndi nyemba tikhoza kusonkha m'makomo, mbuzi tizinga tokha tisananyamuke, ndiye nkhawa ya chakudya cha halali palibe. Ndikupempha komiti kuti iganizire ana amasiye ndi ena omwe makolo awo sangakwanitse, chifukwa chaka chatha ena anatsala, ndipo ndinaona nkhope zawo basi ikutuluka pa geti. Ena anena kuti bwanji osapita ku South Luangwa, komwe nyama n'zochuluka ndipo kuli nyamalikiti za mtundu wosapezeka kwina kulikonse pa dziko. N'zoona, ndipo kuchokera ku Chipata kupita ku Mfuwe ndi makilomita pafupifupi 130 okha. Koma tikadutsa pa Mwami ndife alendo a dziko lina: mwana aliyense afunika chiphaso, ndipo mtengo wa pa geti ndi wina. Tiyambe ndi kwathu. Insha Allah chaka china tidzafikako.

Akuluakulu a komiti anandifunsa za swala. Ulendowu ndi kalasi ya fiqh yomwe sindingaipeze pa bolodi. Mtunda wake ukuposa makilomita pafupifupi 80 omwe ma ulama athu amawerengera kuti munthu ndi wapaulendo, choncho ana adzachita ndi manja awo zomwe akhala akungolemba pa mayeso: kufupikitsa swala za maraka anayi kukhala awiri, ndi kuphatikiza Zuhr ndi Asr. Adzaphunzira kupeza Qibla pamalo popanda mzikiti, poyang'ana kotulukira dzuwa, podziwa kuti kuchokera kuno Makka ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Madzi a wudhu tidzanyamula m'zigubu. Palibe mwana adzayandikire damu, chifukwa mvuu yomwe ikuoneka yaulesi m'madzi imathamanga kuposa munthu ikakhala pamtunda. Atsikana adzagona kwaokha ndi amayi awiri omwe makolo adzasankhe, kuonjezera pa aphunzitsi aakazi.

Chimodzi chomwe amayi ayenera kuchidziwa msanga ndi cha zovala. M'nkhalango ya Kasungu muli kashembe, ntchentche yomwe imafalitsa matenda a kaodzera, ndipo kashembe amakopeka ndi mtundu wakuda ndi wa buluu. Ndiye ma hijabu ndi mikanjo yakuda ija, pa masiku awiri amenewa, itsale kunyumba. Ana avale zotuwa kapena za khaki, za manja aatali, zomwe kwa ife si zachilendo. Mwana akadzamva kutentha thupi kapena litsipa masabata otsatira, mupite naye kuchipatala n'kukanena kuti anali ku nkhalango. Sindikukuopsezani, anthu amapitako chaka chonse, koma ndi bwino mumve kwa ine.

Tsopano kwa inu ana anga a Fomu 3. Sindikukulonjezani njovu. Kasungu si ngati makanema omwe mumaonera pa foni, momwe mkango umagwira mbidzi mphindi iliyonse. Ndi nkhalango ya mitengo ya miombo ndi madambo, ndipo nyama zimabisala. Tasankha Okutobala chifukwa udzu umakhala utauma kapena kupsa, madzi atachepa, ndiye nyama zimabwera pafupi ndi damu m'mamawa ndi madzulo. Komabe mukhoza kubwerako mutaona mvuu, nswala, njiri ndi anyani basi. Mukadzaona ngoma yamphongo ndi nyanga zake zopotana, kapena mphalapala, mudzathokoze Allah. Zomwe simudzaziona ndi maso mudzaziwerenga pansi: phazi la njovu lozungulira ngati lichero, ndowe zake zodzaza ndi timitengo tosagayika, khungwa la mtengo lomwe yasenda, minga ya nungu, ndowe zoyera za fisi zomwe zimayera chifukwa cha mafupa omwe amatafuna. Ndipo ndikufuna mudzamufunse msilikali za fisi ameneyu, chifukwa zambiri zomwe munamva za iye usiku pa moto si zoona.

Aliyense adzanyamule kope ndi pensulo. Nyama iliyonse yomwe mudzaione mudzalembe nthawi, malo, kuchuluka kwake, ndi chomwe inkachita, kenako dzina lake m'Chichewa, m'Chingerezi ndi m'Chiarabu ngati mukulidziwa. Musananyamuke mukafunse agogo anu mayina a nyama zomwe ankaziona m'mapiri a Mchinji ali ana, m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chingoni, ndi chaka chomwe anaziona komaliza. Mayina ena mwa amenewa akutha pamodzi ndi eni ake. Wailesi ndi masipika zidzatsala mu ofesi ya ahedi. Legeni ndikaipeza m'chikwama, mwini wake abwerera pa geti. Mukudziwa kuti Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) analetsa kusandutsa chamoyo kukhala chandamale choyeserapo kuponya, ndipo maswahaba atatenga ana a mbalame pa ulendo wina, iye ataona mayi wake akuvutika anawalamula kuti awabweze. Mafoni ololedwa ndi a aphunzitsi okha, ndipo zithunzi tidzakugawirani. Ndaona kuti mwana akakhala ndi foni m'manja amaiona nyama kamodzi kokha, pa galasi, kenako amayamba kuyang'ana mmene iye mwini waonekera.

Komiti ikumana pambuyo pa swala ya Jumu'ah sabata yamawa, ndipo ahedi avomera kuti nkhaniyi ikambidwe. Ngati mwagwirizana nazo, kalata yopempha malo ogona ndi msilikali wotiperekeza iyenera kupita ku ofesi ya nkhalango mwezi uno usanathe. Kholo lija la abale a kwa Chulu ndalipempha kuti lidzabwere lidzayankhule lokha pa msonkhanowo, ndipo ngati ulendo utheka, ndi lomwe lidzatitsogolere kwa mfumu. Amayi omwe angadzipereke kuperekeza atsikana apereke mayina awo ku ofesi pofika Lachinayi.